Anansi athu a kuchigwa: zimene njovu zatiphunzitsa za Akunda

M'mapemphero a utumiki timatchula mitundu yaing'ono yakutali, monga Agobu okhala m'mbali mwa mtsinje wa Ubangi, kumalire a Congo ndi Central African Republic. Kutero n'koyenera. Koma ifenso a kuno ku Chipangali tili ndi mtundu waung'ono pakhomo penipeni umene sitiutchula kawirikawiri: Akunda a m'boma la Mambwe, m'chigwa cha Luangwa.

Akunda amakhala m'dziko la Mfumu Yaikulu Nsefu ndi mafumu Jumbe, Kakumbi, Malama, Mnkhanya ndi Msoro. Mbiri yawo imati makolo awo anachokera kudziko la Aluba ku Congo. Monga Achewa, amatsata mtundu wa kuchikazi, ndipo chaka ndi chaka amasonkhana pamwambo wa Malaila. Chilankhulo chawo n'chapachibale ndi Chinsenga ndi Chibisa.

Uthenga Wabwino si wachilendo kwa iwo. Mishoni ya Anglican ku Msoro inayamba mu 1910, ndipo Leonard Kamungu, wansembe wochokera ku Nkhotakota, anatumikira kumeneko mpaka imfa yake mu 1913. A Reformed Church in Zambia ali ndi mishoni ndi chipatala ku Kamoto. Choncho tikamanena za Akunda tikunena za abale odyera nafe limodzi Mgonero wa Ambuye, osati anthu oyembekezera kuti tikawauze za Yesu koyamba.

Nanga chosowa chawo n'chiyani? Choyamba ndi chakudya chotetezeka. Midzi yawo yambiri ili m'dera la Lupande, loyandikana ndi South Luangwa National Park. Alendo akunja amalipira ndalama zambiri kuti aone njovu, koma njovu yomweyo imatha munda wa chimanga usiku umodzi, n'kugumulanso nkhokwe. Kale nkhaniyi tinkangoimva ngati nthano. Zinasintha mu 2022, pamene njovu 263 zinasamutsidwa kuchoka ku Liwonde kupita ku Kasungu National Park ku Malawi, nkhalango yogundana ndi malire athu. Kuyambira pamenepo alimi a ku Chipangali, Lumezi ndi Lundazi akhala akudandaula za minda yowonongeka, ndipo anthu ena anataya miyoyo. Chilala cha 2024, chimene boma linachitcha tsoka la dziko lonse pa 29 February, chinangowonjezera mavuto, chifukwa anthu ndi nyama ankalimbirana madzi ndi chakudya chomwecho. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Lamulo la nyama zakutchire la 2015 linakonza zoti anthu a m'madera a nyama azilandirako gawo la ndalama kudzera m'ma Community Resources Board, koma silinaike chipepeso kwa mlimi amene munda wake wadyedwa. Ndalama za gulu zimatha kumanga chipinda cha sukulu, koma sizibwezera nkhokwe ya mayi wamasiye.

Chosowa chachiwiri ndi chilankhulo. Kusukulu ana a Akunda amaphunzira Chinyanja, ndipo m'matchalitchi ambiri amawerenga Buku Lopatulika la 1922, limene linamasuliridwa ku Malawi. Ife tinazolowera kumva Mulungu akulankhula monga amalankhulira agogo athu, mwakuti timaiwala kuti ena amamumva m'chilankhulo chobwereka. Pa Pentekoste, malinga ndi Machitidwe 2, aliyense anamva m'chinenero chobadwa nacho. Ansenga analandira Chipangano Chatsopano chawo mu 2016, umboni wakuti ntchito yotere ndi yotheka ngakhale kuno kum'mawa.

Ena anganene kuti nafenso tili pa mavuto, tithandiza bwanji ena? Yankho n'lakuti ubalewu si wa wopatsa ndi wopempha. Pankhani ya njovu, aphunzitsi ndi Akunda. Akhala akuyesa mipanda ya tsabola, nsanja zolondera usiku ndiponso nkhokwe za njerwa ndi simenti, ndipo akudziwa zimene zimathandiza ndi zimene njovu zinazolowera kale.

Tikupempha mipingo yathu zinthu zinayi. Tiitane alimi a kuchigwa adzaphunzitse a kwathu nyengo yobzala isanafike. Pa zopereka za masika tipatuleko matumba opita ku mipingo ya ku Mambwe, ndipo apite mvula isanatseke misewu ya kumidzi. Alaliki ndi achinyamata opita kumeneko aphunzire kupereka moni ndi kuimba m'chilankhulo cha eni dziko, ndipo tichirikize aliyense womasulira Malemba m'chilankhulocho. Pomaliza, abusa ndi akulu ampingo a maboma awiriwa alankhule ndi mawu amodzi kwa mafumu ndi aphungu athu, kuti nkhani ya chipepeso ikambidwe ku Nyumba ya Malamulo.

Lamlungu likubwerali, potchula Agobu m'pemphero, titchulenso Akunda, ndipo akulu ampingo aike nkhaniyi pa msonkhano wawo wotsatira.