Katundu wa Mlenje

Mlimi ali yense afuna mseu. Popanda mseu fodya afika pamsika mocedwa, feteleza safika konse, ndipo wodwala amnyamula pa macira. Ife alangizi tapempha mafumu ndi anthu ao kawirikawiri kuti alambule miseu, ndipo sitidzaleka. Koma mseu womwewo umene uturutsa fodya ulowetsanso mfuti, ndipo iyi ndiyo nkhani imene tifuna kukamba nanu mwezi uno. Tiyambira kutali, kumene anthu aitsutsana nkhaniyi zaka zambiri.

Ku America, m'maiko a mapiri a kumadzulo monga Montana, Idaho ndi Colorado, alenje agawanika pawiri. Ena akwera galimoto mbandakuca, nayenda pang'onopang'ono m'miseu ya odula mitengo, maso ali pa zenera; akaona nyama atsika, naiombera, naikweza. Ena asiya galimoto pamene mseu wathera, nabereka thumba la kumsana m'mene muli hema wamng'ono, cofunda, mpeni ndi cakudya couma ca sabata lathunthu, nalowa m'mapiri mailosi 5 kapena 10. Nyama imene aifuna makamaka aicha elk. Iposa ngoma yathu kukula, ingakhale sifika pa nchefu. Yamphongo yokhwima ilemera makilogalamu 300 kapena kuposapo. Awa anena anzao kuti ndi aulesi, awo nayankha kuti oyenda pansi angodzitama ndi zipangizo zao za mtengo wapatali. Ife tiima ndi oyenda pansi, ndipo cifukwa cace si kulimba kwa miyendo yao ai.

Taganizani munthu amene wapha elk mailosi 6 kucokera ku mseu. Nchito yace yayamba kumene. Ayenera kuitumbula ndi kuisenda msanga isanabvunde ndi kutentha kwa m'kati mwace, kucotsa mafupa, kuika minofu m'matumba a nsaru kuopa nchenche, ndi kuipacika pa mtengo kutali ndi pogona pace, pakuti m'mapiri ena a ku Montana muli zimbalangondo zimene zilondola pfungo la mwazi. Minofu yokhayo ilemera ngati matumba awiri a cimanga a makilogalamu 50. Inu amene mwatuta cimanga pamutu kucokera ku dimba mudziwa kuti katundu wotere sakwera citunda ulendo umodzi. Apita nabwera katatu kapena kanai, napitirapo masiku awiri kapena atatu. Cifukwa cace munthuyo asanaombe ayamba wadzifunsa: Kodi ndiri kutali bwanji? Kodi dzuwa litentha mawa? Kodi msana wanga udzatha? Nthawi zina aitsitsa mfuti, nyama nipita. Ciphaso ca Boma cimlola imodzi yokha, inde. Koma msilikali wa nyama sapezeka pa phiri liri lonse, pamene msana upita ndi mwini wace konse konse.

Ku Alaska anaika nzeru yomweyi m'lamulo. Mlenje saloledwa kuturutsa nyanga kuthengo nyama yodyedwa isanathe kuturuka. Nyangazo zingatsagane ndi katundu womariza basi. Wofuna cokometsera khoma la nyumba yace ayambe wasenza ndiwo.

Galimoto iribe msana wotopa. Asanadze magalimoto inaliko njanji, ndipo anthu a ku America anaona cimene icita. M'zidikha zao munali njati za mtundu wa kwao, zochedwa bison, mamiliyoni ambirimbiri. Njanji yodutsa dziko lonse inatha kumangidwa mu 1869. Apaulendo ena ankaziombera pa mazenera a sitima mwa masewera cabe, nazisiya zibvunde. Koma oononga koposa anali osaka zikopa, amene tsopano anapeza cowanyamulira zikopazo kunka ku mizinda ya kum'mawa. Pamene William Hornaday anaziwerenga mu 1889 zinali zitatsala ngati 1,000 zokha. Mfuti zinaliko kale njanji isanafike, ndipo eni dziko anasaka njatizo mibadwo yambiri osazitha. Cacikuru cimene cinasintha ndi cakuti katundu analeka kulemera.

Nyamanso iudziwa mseu. Ku Starkey, m'dziko la Oregon, akatswiri a za nkhalango anazinga maekala ngati 25,000 ndi mpanda wautali, ndipo kuyambira 1989 anabveka elk timawailesi m'khosi kuti adziwe kumene ziyenda. Anapeza kuti zipewa miseu imene magalimoto adutsamo, ndipo magalimoto akacuruka zitalikira koposa. Pamenepo osaka a pa galimoto adandaula kuti nyama zatha, napempha miseu yina yolowa m'kati. Koma mlimi amve ici: m'madera ena nyama zosautsidwa m'nkhalango ya Boma zitsikira m'minda ya alimi kumene alenje saloledwa, nizidya udzu umene mwini munda anasungira ng'ombe zace. Ndico cifukwa cace oyang'anira nkhalango atseka zipata za miseu yina pa nyengo ya kusaka. Ndiponso mu 1964 dzikolo linakhazikitsa lamulo lopatula malo ena kuti musalowe mseu, galimoto, ngakhale njinga ya kapalasa. Amodzi a malowo, ochedwa Bob Marshall ku Montana, aposa maekala 1,000,000. Kusaka kuloledwa m'menemo, koma wolowamo alowa pa miyendo kapena pa kavalo.

Kuno kwathu nkhaniyi si yacilendo. Mu 1933 maboma amene analamulira mbali yaikuru ya Africa masiku amenewo anasonkhana ku London, napangana kuletsa kusaka ndi galimoto kapena ndege, ndi kucepetsa kusaka ndi nyali zothobwa m'maso, mankhwala akupha, maukonde, mbuna, misampha ndi moto wozinga nyama. Tisabise, amene anali ndi galimoto mu 1933 sanali anthu a m'midzi. Komabe wosaka ndi nyali usiku, kaya ali pa galimoto kaya pa njinga ya moto, aona ciani? Aona maso awiri owala m'mbali mwa mseu. Sadziwa ngati ndi gwape wamphongo, kapena wamkazi woyamwitsa, kapena mbuzi ya mnzace imene inagona kunja. Aomba, nadziwa pambuyo pace. Yolasidwa ikathawira m'chire sailondola, pakuti patsogolo pali maso ena.

Pano wina adzaimirira nati, Nanga si oyenda pansi amene atha nyama m'dziko muno? Wanena zoona, ndipo mau ace atithandiza kuona cimene tiyamikira kwenikweni. Munthu amene achera misampha ya waya 50 m'njira za nyama, nabwerera ku mudzi kukagona, wayenda pansi ndithu. Koma msampha ufanana ndi nyali, susankha. Ugwira mbawala, ugwira galu, udula njobvu citamba, ndipo zambiri zogwidwa zibvundira pomwepo mwini wace asanazonde. Ku Liwonde, bungwe la African Parks litayamba kuyang'anira nkhalangoyo mu 2015, anaonjola misampha yoposa 30,000. Ku Majete njobvu zinatheratu pofika 1992, ndipo anacita kutenga zina ku nkhalango zina mu 2006. Woocha chire cifukwa ca kalulu ndi mbewa nayenso ayenda pansi, natitenthera udzu wofolera, msipu wa ng'ombe ndi mitengo ya zigafa. Tsono cimene tiyamikira mwa mlenje wa thumba la kumsana uja ndi cakuti nyama aiona ndi maso masana, aisankha, ndipo yonse imene wapha aisenza yekha.

Pali dandaulo limodzi la osaka a pa mseu limene sitingalinyoze. Okalamba ndi opunduka sangakwere mapiri, ndipo nawonso akonda ndiwo. Koma makolo athu anali nayo kale njira yace: pobwera ku uzimba nyama inkagawidwa, mfumu nilandira mbali yace, nkhalamba osaiwalika. Kutsegula phiri lonse cifukwa ca mwendo wa munthu mmodzi ndiko kummana iye yemwe ndiwo za caka ca mawa.

Tisamvane molakwa. Sitituma munthu kukasaka. Nyama za m'nkhalango zotetezedwa ziri pansi pa lamulo, ndipo kuyambira 2017 cilango ca mirandu yaikuru ya nyama m'Malawi cifika zaka 30 m'ndende. Nguluwe ndi anyani akabvuta m'cimanga, kulonda munda ndi nkhani yina. Njobvu kapena mvuu zikalowa, kauzeni mfumu ndi a za nyama za kuthengo msanga.

Cimene ciri m'manja mwanu ndi timiseu ta ngolo ndi malole timene tikwera m'mapiri kukatenga nkhuni ndi mphanda za fodya. Kamodzi kakatseguka sikagona usiku. Anyakwawa ndi anthu ao apangane kuti kanjira kotere kakatha nchito yace, fodya atauma, katsekedwe ndi zipika ndi ngalande zopingasa, zimene zidzaletsanso madzi kukumba cigwembe mvula ikadza. Ndipo amene afuna mbande za mitengo yobzala pafupi ndi cigafa cace, kuti ngolo isakwerenso phiri, aonane ndi mlangizi wa dera lace mvula isanayambe.