MUSAGULITSE INJINI YA ABAMBO KUTI MUGULE LOLE

Amwene, uthengawu ndi wautali, koma werengani mpaka pansi musanandiyankhe.

Kwabuka matenda pakati pathu ana a kunyanja. Munthu akangoona mnzake pa Facebook atatsamira Scania, tulo tatha. Mawa lake wayamba zoti "ine sindingagwirire munthu ntchito, ndigula yanga." Ndalama ichokera kuti? Agulitsa injini ya boti, khoka, mwina ndi munda wa mpunga, yotsalayo akakongola ku banki kapena kwa akatapila. Chaka chino chokha anyamata atatu abwera pomwe ndimakonzera mainjini kuti ndiwatchulire mtengo wa Yamaha ya abambo awo. Onse akufuna lole, onse alibe laisensi yake. Ndinakana, ndipo lero ndinena poyera chifukwa chake.

Ine udalaivala sindidana nawo. Ndi ntchito yaulemu. Petulo amene timathira mu boti amachokera ku Beira, ku Nacala ndi ku Dar es Salaam, ndipo wambiri amabwera pa matanka. Madalaivala atanyanyala ntchito mu 2021 podandaula za malipiro, patangopita masiku ochepa mafuta anayamba kusowa. Ndiye amene akufuna kuyendetsa lole, ayendetse. Chimene ndikukana ndi bodza loti kuyendetsa lole ndi kukhala mwini lole ndi chinthu chimodzi.

Ife a kunyanja tinayenera kukhala oyamba kumvetsa zimenezi. Tsiku loti nsomba sizinaphedwe, wokoka khoka amapita kwawo ndi njala ya tsiku limodzi. Mwini khoka amapita ndi ngongole ya petulo, khoka long'ambika, ndi anyamata ofuna ya sopo. Chilwa itaphwa mu 1995, ndiponso mu 2018, mabwato anangokhala pamatope ku Kachulu. Komabe bwato likakhala pamatope silikulipiritsa kanthu. Lole ikaima imadyabe. Inshuwalansi ikutha, COF ikutha, batire ikufa, ngongole ikuswa.

Simukukhulupirira? Tsiku lina mukapita ku Zomba musathamangire kugula foni. Kaimeni pomwe malole amadikirira hayala pafupi ndi msika, muwerenge alipo angati m'mawa, mubwerenso dzuwa likupendeka muone achokapo angati. Kenako zungulirani m'magalaja a ku Chinamwali ndi ku Matawale, muone malole okhala pa miyala, udzu utamera kunsi kwake. Iliyonse ya imeneyo inali ndi mwini wake amene tsiku logula anajambulitsa. Chithunzi cha tsiku lokhala pa miyala palibe amatumiza pa gulu.

Wina anandiuza kuti, "Katundu alipo, ndizikatsitsa matabwa kuphiri." Aise, tadzutsani maso muyang'ane phiri la Zomba. Malo ambiri pomwe panali paini wothithikana pangotsala zitsa, ndipo chilimwe chilichonse moto umalowamo. Paini samera ngati bonongwe, amatenga zaka zoposa 20 kuti acheke thabwa labwino. Mukufuna kumangirira ngongole pa nkhalango imene ikutha inu mukuona?

Nanga msewu wake? Kutsika kuchokera ku Ku Chawe kufika m'tauni ndi chitsetse chokhotakhota. Pamenepo lole yodzaza imatsika ndi giya yaing'ono, injini ndiyo imagwira galimoto. Ukamangoponda buleki, mabuleki amatentha, akatentha amasiya kugwira, ndipo phazi lako limangoponda pachabe. Izi dalaivala amaziphunzira atakhala pambali pa wamkulu wodziwa, osati pa YouTube. Choopsa china ndi ichi: mwini lole wangongole amadzaza mopyola muyezo, chifukwa tsiku lobweza layandikira. Masipuling'i amathyoka motero, matayala amaphulika motero, ndipo m'mbali mwa msewu umenewo mumayenda amayi osenza nkhuni. Ngongole ikakhala pa chiwongolero, imapha ndi anthu osalakwa.

Tsopano tiwerengere limodzi, poti masamu a Fomu 4 omwe tili nawowa akukwana.

Choyamba, matayala. Canter yaing'ono ili ndi matayala 6. Thiraki yaikulu yokoka ngolo ya maekiselo atatu ili ndi 22. Funsani mtengo wa limodzi ku Limbe, muchulukitse nokha. Ndipo matayala sakudikira kuti mupeze kaye ndalama.

Chachiwiri, zipangizo. Pampu ya dizilo, kilachi, giyabokosi, palibe chimene chimapangidwa kuno. Zonse zimagulidwa ndi dola. Mu May 2022 kwacha inagwa ndi 25 peresenti. Mu November 2023 inagwanso ndi 44 peresenti, dola imodzi kuchoka pa K1,180 kufika pa K1,700. Ndiye kuti chitsulo cha madola 100 chinagona chili K118,000, n'kudzuka chili K170,000. Mwini katundu anakuwonjezerani hayala tsiku lomwelo? Ayi. Ine zimenezi ndimaziona ndi mapulagi ndi mapulopela a injini za boti, nanga kuli bwanji lole?

Chachitatu, chiwongoladzanja. Mu 2024 Reserve Bank inakweza chiwongoladzanja chake kufika pa 26 peresenti, ndipo banki yokukongozani inu imaikanso pake pamwamba. Za katapila sindinena n'komwe. Chikole chake mupereka chiyani? Nyumba ya amayi?

Chachinayi, msewu. Toligeti ya Chingeni ndi ya Kalinyeke zimafuna ndalama popita ndi pobwera. Pa sikelo, ukadzaza mopyola, chindapusa. Dizilo amafuna ndalama pompopompo, pomwe mwini katundu amati "bwerani mwezi wamawa," mwezi wamawa n'kunenanso chimodzimodzi.

Chachisanu, chimene anthu ojambulitsa aja sanena: kubwerera chabe. Mwatenga matemba ouma kapena mpunga ku Kachulu kukatula ku Limbe, chabwino. Pobwera mwanyamula chiyani? Ngati ndi mphepo, dizilo wa ulendo wobwerera wadya phindu la ulendo wopita. Eni malole amene akuchita bwino sikuti ali ndi lole zokongola kuposa ena. Ali ndi anthu owapatsa katundu mbali zonse ziwiri, mwezi ndi mwezi. Chuma chili pa katundu, lole ndi chitsulo chabe.

Ena mukuti mudzalowera za kunja, Beira kapena Joni. Kuchoka ku Blantyre kudzera ku Mwanza ndi Tete kukafika ku Beira ndi makilomita pafupifupi 800, ndipo m'dziko la eni ake simulamula kanthu. Mu 2016 malole a ku Malawi anawotchedwa ku Mozambique pa nthawi ya ziwawa za kumeneko. Kumapeto kwa 2024, chisankho chawo chitavuta, misewu inatsekedwa, malole n'kuima masiku. Kampani ya malole ambiri imapirira, imodzi ikaima zina zikuyenda. Inu wa lole imodzi, ikaima ndiye kuti zonse zaima.

Ndikudziwa chimene muyankhe: "Nanga tizingolemeretsa mabwana ndi malipiro ochepawa?" Zoona, malipiro a madalaivala ambiri ndi ochititsa manyazi, n'chifukwa chake amanyanyala, ndipo ine ndili mbali yawo. Koma mankhwala a malipiro ochepa si kudzimangirira mwala m'khosi. Walira mvula walira matope. Zaka zoyendetsera munthu wina muzitenge ngati sukulu imene ikukulipirani, pomwe kilachi ikapsa akulira ndi wina.

Njira yake ndi iyi. Tengani laisensi yeniyeni ku Road Traffic, kuyambira C1 kapena C mpaka mudzafike pa EC, pamodzi ndi PrDP. Yogula pakhomo lakumbuyo siidzakutsitsani phiri. Yambani ngati wothandizira dalaivala, musachite manyazi kumanga tenti ndi kusintha tayala. Phunzirani kumvera injini, kuona oilo, madzi ndi mphepo ya mabuleki musanalize galimoto. Ife okulira pa injini za boti khutu limeneli tili nalo kale, ndi mwayi wathu. Musapope dizilo wa abwana kukagulitsa m'zigubu, chifukwa eni malole amadziwana, ndipo dzina likada ku Zomba lada mpaka ku Songwe. Mowa ndi chiwongolero siziyendera limodzi, ndipo zogona m'maboda muzikumbukira kuti kunyumba akukudikirani muli bwinobwino.

Chinthu china chofunika kwambiri: gulani kope. Ulendo uliwonse lembani malita a dizilo, makilomita, zolipira panjira, chimene chawonongeka, ndi tsiku limene mwini katundu walipira. Mukalemba zaka zitatu, kopelo lidzakuuzani lokha ngati lole imabweza kapena ayi, ndipo silidzakunamizani ngati amene akukugulitsani galimoto.

Mudzagule pokhapokha zinthu zitatu izi zitakwana. Muli ndi anthu odziwika okupatsani katundu popita ndi pobwera. Mutalipira lole, mwatsala ndi ndalama yoti injini itafa mawa mukhoza kuidzutsa osakongola. Ndipo chikole chake si boti, si munda, si nyumba ya makolo. Chimodzi chikasowa, dikirani. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Mukadzagula, yambani ndi yaing'ono imene makaniko wa ku Zomba konkuno amaidziwa ndipo zipangizo zake zimapezeka.

Injini ija mukufuna kugulitsayo ndi imene ikulipirira alongo anu fizi ndi kugulira agogo mankhwala. Si yanu nokha. Mukaluza, aluza ndi anthu amene simunawafunse n'komwe.

Amene zamuwawa andipeze, tikhale pansi ndi kope ndi cholembera, andionetse masamu ake. Akandigonjetsa ndi manambala, ndidzamuthandiza ndekha kusankha lole yabwino. Koma za "Mulungu adzaona" ndi zithunzi za pa Facebook, ayi.

Tumizani kwa mnzanu amene wayamba kufunsa mitengo ya malole.