Galu wa pakhomo: funsani za katemera musanafunse za mtundu

Malonda a ana agalu tsopano ali pa Facebook ndi pa WhatsApp. Ogulitsa akuika zithunzi za German Shepherd, Boerboel, Rottweiler ndi pit bull, ndipo mabanja ena m'matauni, poopa akuba, akugula potengera chithunzi ndi zomwe awerenga pa intaneti. Ambiri akufuna kudziwa mtundu womwe ndi waukali kwa mbava koma wofatsa kwa ana.

Sayansi ikuonetsa kuti mtundu wokha suyankha funsoli. Kafukufuku yemwe adatuluka mu 2022 m'magazini ya Science, wokhudza agalu oposa 18,000, adapeza kuti mtundu umangofotokoza pafupifupi 9 peresenti ya kusiyana kwa khalidwe pakati pa agalu. Agalu awiri a mtundu umodzi angathe kusiyana kwambiri, malinga ndi chibadwa cha aliyense komanso momwe adaleredwera.

Chomwe mtundu umaonetsa bwino ndi thupi. Boerboel wamkulu amatha kupitirira makilogalamu 60, choncho akalusa, ngozi yake ndi yaikulu kuposa ya galu wamng'ono. Amafunanso mpanda wolimba ndi chakudya chambiri. Husky, wa ubweya wa kumaiko ozizira, komanso agalu a mphuno zophwatalala monga pug ndi bulldog, amavutika ndi kutentha kwa mu October. Galu wachikuda adazolowera nyengo yathu ndipo amalonda pakhomo bwinobwino.

Vuto lina ndi lakuti malangizo ambiri a pa intaneti amalembedwera anthu a ku Britain ndi ku America, komwe chiwewe cha agalu chidatha. Kuno sichidathe. Bungwe la World Health Organization limati chiwewe chimapha anthu pafupifupi 59,000 pachaka padziko lonse, makamaka mu Africa ndi Asia. Pafupifupi onsewa amachitenga kwa agalu, ndipo 40 mwa 100 alionse ndi ana osakwana zaka 15. Zizindikiro zikangoyamba kuoneka, munthu sachira.

Chiwewe sichisankha galu wodula kapena wotchipa. Chomwe chimachiletsa ndi katemera: agalu 70 mwa 100 alionse akabayidwa, matendawa amasiya kufalikira m'deralo. Ndi chifukwa chake bungwe la Mission Rabies lakhala likubaya agalu ku Blantyre kuyambira 2015, pomwe LSPCA imachita zomwezo ku Lilongwe. Maiko adagwirizana kuti pofika 2030 pasakhalenso munthu wofa ndi chiwewe chochokera kwa galu.

Choncho musanatumize ndalama pafoni, pitani mukamuone galuyo pamodzi ndi make. Funsani khadi la katemera, ndipo mukatsimikize kwa dokotala wa ziweto kapena alangizi a ziweto a m'dera lanu. Katemera wa parvo amayamba galu ali ndi masabata 6 mpaka 8, wa chiwewe pa miyezi itatu, kenaka muzimubayitsanso monga akulangizirani. Galu wongokhalira pa tcheni, osaonana ndi anthu, amakula wamantha ndipo sachedwa kuluma. Mwana wamng'ono asatsale yekha ndi galu, kaya ndi wa mtundu wanji.

Wina akalumidwa, tsukani bala ndi sopo ndi madzi kwa mphindi 15, ndipo pitani naye kuchipatala tsiku lomwelo, ngakhale galuyo akhale wanu.