Chikalata cha Olima Mbande ndi Okonza Minda ya Maluwa mu Lusaka: Mithunzi pa Bwalo la Ndege la Kenneth Kaunda

Kwa akuluakulu a Zambia Airports Corporation Limited, a Unduna wa za Mtengatenga, ndi anthu onse a mu Lusaka.

Ife olemba chikalatachi ndife mamembala a bungwe la olima mbande ndi okonza minda ya maluwa a ku Chelstone, Kabwata, Woodlands ndi Kabulonga. Ambiri a ife tili ndi nazale m'mbali mwa misewu, ena timasamalira minda m'nyumba za anthu ndi m'maofesi. Nkhani yathu ndi ya malo akunja kwa bwalo la ndege la Kenneth Kaunda: poimika magalimoto, njira za oyenda pansi, ndi msewu wopatukira kubwaloko kuchoka mu Great East Road.

Nyumba yatsopano ya okwera ndege idatsegulidwa mu Ogasiti 2021, itamangidwa ndi ngongole ya madola 360 miliyoni a ku America yochokera ku banki ya Exim ya ku China. Ngongoleyo tidzabweza tonse, kuphatikizapo amene sadzaponda m'ndege moyo wawo wonse. Ndipo anthu amenewa ndiwo amachuluka kunja kwa bwalo. Kwathu kuno munthu sapita yekha kokakwera ndege. Mwana wopita kusukulu kunja amaperekezedwa ndi makolo, azakhali, ngakhale agogo amene anyamuka ku Katete kapena ku Petauke dzulo lake. Thupi la m'bale likamabwera kuchokera ku Johannesburg, anamfedwa amadikira nthawi yaitali. Oyendetsa mataxi amaswera komweko. Tikupempha kuti pokonza malo akunja muziyamba mwaganizira anthu amenewa.

Chimene akufuna choyamba ndi mthunzi ndi pokhala. Dzuwa la Okutobala likawomba pa phula, nkhalamba kapena mayi wobereka khanda sangapirire. Tikupempha mitengo ya kwathu yopereka mthunzi wochindikala, monga mbawa ndi mtondo, mabenchi pansi pake, mpope wa madzi akumwa pafupi, ndi njira zosalala zoti wa panjinga ya olumala adutse popanda womunyamula. Msangu nawo usaiwalidwe: umayoyola masamba nthawi ya mvula, koma m'chilimwe umakhala wobiriwira, nthawi imene mthunzi ukufunikadi.

Tikudziwa nkhawa ya akatswiri a ndege, ndipo tikugwirizana nayo. Mbalame ndi ndege sizikhalira limodzi. Mu Januwale 2009 ndege ya US Airways idatera pa mtsinje wa Hudson ku New York chifukwa atsekwe adalowa m'mainjini ake onse awiri. N'chifukwa chake ife eni ake tikunena kuti mkuyu, msuku, mango ndi gwafa zisabzalidwe pabwalo, ngakhale timazikonda ndipo zimagulidwa kwambiri m'nazale zathu, pakuti zipatso zake zimaitana mbalame ndi mileme. Maiwe okongoletsera nawo ayi. Mitengo ikhale kumbali ya anthu, kutali ndi kotera ndege, yotalikirana ndi yodulidwira pa nthawi yake kuti isasanduke chogona cha mbalame. Njere za mbawa ndi zouma, zouluka ndi mphepo, ndipo ichi ndi chimodzi mwa zifukwa zimene tayitchulira poyamba. Mtengo uliwonse usanakumbiridwe dzenje, oyang'anira chitetezo cha ndege auvomereze.

Pa za madzi tilankhula mosabisa. Kapinga wobiriwira chaka chonse amamwa madzi ochuluka zedi. Mu Febuluwale 2024 Purezidenti Hakainde Hichilema adalengeza kuti chilala chinali tsoka la dziko lonse. Nyanja ya Kariba idatsika, magetsi ankazima maola ambiri patsiku, ndipo mapampu a zitsime adaima. Ife tidaona minda yambiri ikuuma chaka chimenecho, ndipo imene idatsala ndi ya zomera zozolowera nthaka yathu. Denga la nyumba yatsopanoyo ndi lalikulu: madzi a mvula ochokera pamenepo asungidwe m'matanki otseka, azithirira mitengo zaka zake zoyambirira. Bwalo la Changi ku Singapore lidatsegula munda wake wotchuka wa mathithi mu 2019, koma kumeneko mvula imagwa chaka chonse. Kwathu imasiya mu Epulo n'kudzayambanso mu Novembala.

Mbande zigulidwe kwa olima a konkuno, ndipo amene adzazibzala apatsidwenso ntchito yozisamalira kufikira zitagwira, chifukwa mtengo wobzalidwa pa mwambo n'kusiyidwa sufika chilimwe chachiwiri. Zimene tanenazi zikukhudzanso mabwalo a ku Ndola, Livingstone ndi Mfuwe.

Lusaka idasanduka likulu mu 1935 itajambulidwa ngati mzinda wa minda, ndipo mitengo ya ku Woodlands ndi Kabulonga imene tikukhala pansi pake lero idabzalidwa ndi anthu amene ambiri adapita kale. Tikupempha kuti mutiitane tikumane mvula isanayambe, tiyende nanu pamalopo, tikuonetseni pamene mitengo ingakhale, kuti mbande zoyamba zilowe m'nthaka mvula ikangokhazikika mu Disembala.

Komiti ya bungwe, m'malo mwa mamembala onse
Lusaka