MAU A MLANGIZI: Munda Umene Unadyetsa Akuda ndi Azungu Pamodzi

Sabata lino ndayamba ndaika pambali za mizere ndi manyowa, kuti ndikusimbireni za mlimi wina wa ku Amereka, dzina lace Clarence Jordan. Iye anali Mzungu wa dera la Georgia. Anaphunzira za ulimi natsiriza m'caka ca 1933, pambuyo pace naphunziranso Mau a Mulungu m'Cigriki.

Ukapolo ku Amereka unatha mu 1865, koma tsankho linatsala. Ku Georgia malamulo analekanitsa akuda ndi Azungu m'sukulu, m'zipatala ndi m'malo odyera. Akuda ambiri analima minda ya eni, napereka gawo la zokolola kwa mwini malo, cinthu cofanako ndi thangata amene makolo athu anamlira.

M'caka ca 1942 Bambo Jordan ndi akazi ao Florence, pamodzi ndi Martin ndi Mabel England, anagula maekala 440 pafupi ndi mzinda wa Americus. Nthaka yace inali yoguga ndi yokokoloka. Mundawo anaucha Koinonia, mau a Cigriki otanthauza ciyanjano. Anafuna kukhala monga Akristu oyamba ochulidwa m'buku la Macitidwe a Atumwi, amene anasonkha cuma cao pamodzi.

Onani tsono cimene anacita. Anasamala nthaka kuti isakokoloke, naweta nkhuku za mazira, naphunzitsa anansi ao malimidwe abwino. Banja losauka lopanda mkaka analibwereka ng'ombe. Wanchito wakuda ndi wanchito woyera analandira malipiro ofanana. Dzuwa likafika pamutu, onse anakhala pa gome limodzi nadya pamodzi. Gome limeneli ndilo linautsa mkwiyo.

Mu 1950 anapita ku mapemphero ndi mlendo, wophunzira wa khungu lodera wocokera ku India. Mpingo wao wa Baptist unawacotsa. Mu 1954 bwalo lalikuru la milandu la Amereka linagamula kuti kulekanitsa ana m'sukulu cifukwa ca khungu nkulakwa, ndipo Azungu ambiri a ku Georgia anapsa mtima. Mu 1956 Bambo Jordan anathandiza ophunzira awiri akuda amene anafuna malo pa koleji ya Azungu ku Atlanta. Pamenepo moto unabuka.

Eni masitolo anapangana kuti asawagulitse feteleza kapena mafuta a galimoto, ndi kuti asagule mazira ao. Sitolo yao ya m'mbali mwa mseu anaiphulitsa ndi bomba mu 1956, naiphulitsanso mu 1957. Mitengo yao ya zipatso anaidula. Usiku anthu anaombera mfuti nyumba zimene munagona ana. Gulu la Ku Klux Klan linadza ndi mdipiti wa magalimoto kudzawauza kuti agulitse malo acoke. Inu mlimi mudziwa tanthauzo lace la kukolola wopanda wogula. Walira mvula walira matope, ndipo matope ao anali akuya.

Bambo Jordan sanabwezere, ndipo sanathawe. Anakhulupirira kuti munthu sangache Mulungu Atate nakana mbale wace pa mbale ya cakudya. Popeza msika wa pafupi unatsekeka, anayamba kutumiza mtedza wa m'mitengo wochedwa pecan pa posi kwa Akristu akutali amene anawamvera cifundo. Anzao ambiri anatopa nacoka, natsala owerengeka okha, koma munda sunafe. Iye anamasuliranso mbali zambiri za Cipangano Catsopano m'cilankhulo ca alimi a kwao, ngati kuti Yesu anayenda m'minda ya thonje ya ku Georgia, kuti womva asanene kuti nkhanizo nza Ayuda ndi Asamariya okha.

Mu 1968 iye ndi Millard Fuller anayamba kumanga nyumba pamodzi ndi mabanja osauka, eni ace nabweza ndalama pang'ono pang'ono popanda ciwongola dzanja. Bambo Jordan anamwalira pa 29 October 1969. Mbeu ija inaphuka: mu 1976 Millard ndi Linda Fuller anayambitsa bungwe la Habitat for Humanity, limene linafika ku Malawi kuno mu 1986. Munda wa Koinonia ulipo kufikira lero.

Kodi ife titolapo ciani? Poyenda m'midzi ndimaona zondimvetsa cisoni. Waganyu wocokera kutali apatsidwa cikho caceca ca kuseri kwa nkhokwe, namlipira mocepa cifukwa alibe mbale womnenera. Wina akanizidwa kulowa m'kalabu ya alimi cifukwa ca mtundu wace. Ifenso timanyoza Mmwenye kapena Mzungu tisanamdziwe mtima wace. Tsankho limene tidana nalo likatigwera, tisalicitire mnzathu.

Ciyanjano sicitha ndi kupatsana moni pa Sabata pokha. Cioneka pa muyeso wa cimanga cimene mulipira waganyu, ndi pa mphasa imene mumkhazika. Wolakwa abvomere nabweze cimene anadya, wolakwiridwa aleke kusunga mangawa. Mvula ikagwa, madzi ocokera m'munda wa kumtunda safunsa mtundu wa mwini munda wa kumunsi. Akalozera agwira nchito pokhapo anansi onse atagwirizana, pakuti mutu umodzi susenza denga.

Pempho langa ndi ili: nyengo ino, amene alima m'munda mwanu adye nsima imene mudya inu, pamalo pamene mudyera inu. Sabata la mawa tidzakamba za kasungidwe ka mtedza m'nkhokwe. Tsalani bwino.

Ndine wanu,
Mlangizi