Pansi pa Mango Pakhoza Kumera Maluwa

Tiyeni tikambeko za pansi pa mitengo ya pakhomo.

Ku Namiwawa, ku Nyambadwe, ngakhale ku Limbe, muona mango ndi mijakaranda yaikuluikulu, koma pansi pake pali gwa, posesedwa mbee. Eni ake amati pamthunzi sipamera kanthu. Ine ndikukana. Kapinga ndiye safuna mthunzi, koma zilipo zomera zokhala zaka zambiri zimene dzuwa la Okutobala limaziwaula zikakhala poyera.

Clivia, wochokera m'nkhalango za ku South Africa, ndiye amandisangalatsa kwambiri. Masamba ake ndi obiriwira chaka chonse, ndipo cha mu Ogasiti ndi Seputembala, fumbi lili koboo, amatulutsa maluwa ofiirira ngati lalanje. Mizu yake ndi yonenepa, imasunga madzi. Zimenezi n'zofunika kuno, kumene madzi ambiri a m'mpopi amachita kupopedwa kuchokera mu Shire, ku Walker's Ferry. Phata likakula mumaligawa, n'kupatsako a neba.

Pachinyontho, monga kuseri kwa bafa, bzalani koko kapena jinja, mudzadyeko.

Koma chonde, lekani kutentha masamba oyoyoka! Asiyeni aolere pomwepo, ndiwo manyowa amene zomerazi zinazolowera kwawo kunkhalango. Pansi pa bulugamu pokha musadzivute, amamwa madzi onse.

Mukapita ku Zomba kapena ku Mulanje, musazule zam'phiri. Zambiri zimadalira nkhungu ya kumeneko, ndipo zikafika ku Chirimba zimangofota.