ZA UMOYO PAKHOMO: Matenda Sadikira Kuti Kuce

Nkhani ya sabata ino ndiiyamba ndi zimene zinacitika kwathu kwenikweni, pakuti ndinaziona ndi maso anga ndipo kufikira lero zimandicititsa manyazi. Dzinja lapitali, pamene ndinali kumudzi pachuti, mwana wa mlongo wanga, wa miyezi 8, anayamba kutsegula m'mimba Lolemba madzulo. Mlamu wanga anali atapita ku Chipata kukagula feteleza, ndipo panalibe amene anafuna kunyamula mwanayo atate ake asanabwere. Laciwiri liwombo lake linalowa, ndipo ambuya ake anasinja mizu naimata pamutu. Ine mtsibweni wake, mwini mbumba, amene ndikanatha kulamula kuti ngolo imangidwe, ndinangoti, "Tiyeni tione mawa."

Lacitatu m'bandakuca mwanayo analeka kuyamwa. Anali kulira popanda misozi, maso atalowa m'kati. Apo ndipo tinathamangira ng'ombe. Namwino amene anatilandira pa cipatala caching'ono ca kwathuko sanatikalipire iai. Anatsina khungu la pamimba pa mwanayo, ndipo khungulo linacedwa kubwerera m'malo mwake. Pambuyo pake anabvutika nthawi yaitali kufunafuna mtsempha wolasapo singano ya diripu. Mwanayo anapulumuka. Koma potsazikana namwinoyo anatiuza kuti tikanayamba kummwetsa madzi a ORS Lolemba lomwe lija, mwina diripu sikanafunika konse.

Cimene ndinaphunzira ndi ici: unamwino uyambira pakhomo. Namwino wa kucipatala ali ndi mankhwala ndi maphunziro, koma sangathe kuthandiza mwana amene sanamuone. Amene aona cizindikiro coyamba ndi amai, atate, ambuya ndi apongozi, ndipo kawirikawiri aciona usiku. Cotero nkoyenera kuti banja lililonse lidziwe zimene lingacite lokha, ndi zizindikiro zimene zifuna ulendo nthawi yomweyo.

Tiyambe ndi kutsegula m'mimba. Cimene cipha mwana ndico kutha kwa madzi ndi mcere m'thupi, ndipo liwombo lolowa ndi cizindikiro ca kutha kwa madziko. Mankhwala omata pamutu sangabwezere madzi amenewo. Sungunulani paketi imodzi ya ORS mu lita imodzi ya madzi owiritsa ndi kuziziritsa, ndipo mummwetse pang'onopang'ono ndi sipuni nthawi iliyonse akacita cimbudzi. Akasanza, dikirani mphindi 10 ndi kuyambanso. Ngati paketi palibe, ikani masipuni aang'ono 6 a shuga ndi theka la sipuni yaing'ono ya mcere mu lita imodzi, osapitirira muyeso umenewu. Musaleke kuyamwitsa kapena kumpatsa phala. Kuyambira mu 2004 mabungwe a WHO ndi UNICEF analangiza kuti mwana wotere apatsidwenso mapiritsi a zinc kwa masiku 10 mpaka 14, cifukwa afupikitsa matendawo. Mukaona magazi m'cimbudzi, pitani naye kucipatala tsiku lomwelo.

Caciwiri ndi kutentha thupi. Kuno kwathu, makamaka m'dzinja pamene udzudzu ucuruka, mwana wotentha thupi ayenera kupimidwa magazi pacala tsiku lisanathe, kaya kucipatala kaya kwa mlangizi wa zaumoyo wa m'mudzi amene anaphunzitsidwa nchitoyi. Yankho lituruka pasanathe theka la ola. Akapezeka ndi malungo, apatsidwa Coartem, amene amwedwa kawiri pa tsiku kwa masiku 3, pamodzi ndi cakudya kapena bere. Amai ambiri aleka pa tsiku laciwiri poona kuti mwana wayamba kusewera, nasungira mnzake mapiritsi otsalawo. Kutero ndiko kusiya tizirombo tamoyo m'magazi. Musamfunditse mabulangete ambiri, mumpatse zakumwa kawirikawiri, ndipo musampatse aspirin.

Cacitatu ndi cifuwa. Cimfine wamba citha cokha, koma cibayo cipha msanga. Njira yosiyanitsira ili m'manja mwanu. Mwana ali phee, bvundukulani cifuwa cake ndi kuwerenga kupuma kwake kwa mphindi imodzi yathunthu pa wochi kapena pa lamya. Khanda losakwana miyezi 2 likapuma ka 60 kapena kuposa, mwana wa miyezi 2 kufikira 11 akapuma ka 50, kapena wa caka cimodzi kufikira zaka 5 akapuma ka 40, ndiye kuti apuma mofulumira ndipo afunika kuonedwa. Ngati pansi pa nthiti palowa m'kati pamene akoka mpweya, musayambe mwakafuna wotema mphini; nyamukani.

Pali zizindikiro zinai zimene siziyenera kugonedwa nazo, kaya matendawo ndi otani: mwana akalephera kuyamwa kapena kumwa, akasanza ciriconse cimene walandira, akakomoka ndi kuuma thupi, ndiponso akafooka kotero kuti abvuta kudzutsa. Khanda longobadwa kumene likatentha, likazizira thupi kapena likatuluka mafinya pamcombo, nalonso lisagone pakhomo.

Tsopano za amai apakati. Mwambo wathu uti mimba yaing'ono siilengezedwa, ndipo cifukwa ca ici ambiri ayamba sikelo mimba itafika miyezi 5 kapena 6. Palibe amene akuti muuze mudzi wonse. Uzani namwino yekha, pakuti iye asunga cinsinsi. Kuyambira mu 2016 bungwe la WHO lilangiza kuti mai wapakati aonedwe ka 8, ndipo ulendo woyamba ukhale m'miyezi itatu yoyambirira. Kumeneko apimidwa kuthamanga kwa magazi, kucepa kwa magazi, cindoko ndi kacirombo ka HIV. Wopezeka ndi kaciromboka ayamba ma ARV, amene ateteza iye ndi mwana yemwe. Alandiranso mapiritsi oonjezera magazi ndi katemera wa kafumbata. Miyezi itatu ikapita, amwa Fansidar pamaso pa namwino, mwezi ndi mwezi, kosacepera katatu, kupatula amai amene akumwa kale Septrin. Malungo mwa mai wapakati nthawi zina sadziwika nkomwe, koma atha magazi ake ndi kucepetsa thupi la mwana. Neti yonyikidwa m'mankhwala ikhale pamphasa pake usiku uliwonse, isapite kudimba kapena kudambo kukakokera nsomba.

Mai wapakati akataya magazi, ngakhale pang'ono, akamva mutu waukulu ndi kuona zinthu mwacimbuuzi, akatupa nkhope ndi manja, akakomoka, akatentha thupi, madzi akasweka nthawi isanakwane, kapena mwana akaleka kugunda m'mimba, imeneyo ndi ngozi. Kutupa nkhope ndi mutu kawirikawiri zisonyeza kuti magazi athamanga kwambiri, ndipo mapeto ake ndi kukomoka kumene kungatenge miyoyo iwiri. Si nthawi yoitana ankhoswe kudzafunsa amene analakwa m'banja. Milandu ingakambidwe mai atacira. Ndiponso inu anamkungwi ndi apongozi, musampatse mizu yofulumizitsa kubereka, pakuti ciberekero cingathe kung'ambika.

Nanga tsono ncifukwa ciani ticedwa, ngakhale ambiri a ife zinthu izi tinazimvapo kale? Kwathu kuja sitinacedwe cifukwa ca umbuli wokha. Tinacedwa cifukwa panalibe amene anapatsidwa mphamvu yolamula, ng'ombe zinali kubusa, ndipo ndalama zonse zinali m'thumba la munthu amene anali ku Chipata. Akulu anati pakadafunda padajiwitsa galu. Cotero inu atate, khalani pansi ndi akazi anu ndi makolo a mbali zonse ziwiri matenda asanabwere, ndipo munene poyera kuti mwana akadwala inu kulibe, amai ake anyamuke osadikira mau anu. Siyani kandalama kapadera m'nyumba. Panganani ndi mwini ngolo, njinga kapena njinga yamoto, ndipo nambala yake ya lamya ilembedwe pa khadi la sikelo. Ngati pakati pa mudzi wanu ndi cipatala pali mtsinje umene udzaza m'dzinja, mai apite kunyumba yodikirira pafupi ndi cipatala mwezi wake ukayandikira, pamodzi ndi womdikirira, ufa ndi ndiwo. A kagulu ka SMAG, koona za ucembere wabwino, kumene alipo, angakuthandizeni kukonza zonsezi. Kumbukirani kuti Boma linacotsa malipiro m'zipatala zake zazing'ono za kumidzi mu 2006.

Zipatso za kupita kusikelo zioneka kale. Kafukufuku wa dziko lonse wa 1992 anapeza kuti mwa ana 1,000 obadwa amoyo m'Zambia, 191 anali kufa asanakwanitse zaka 5. Wa 2018 anapeza 61. Mu 2013 Boma linaonjezera katemera wa cibayo ndi wa kacirombo ka rota koyambitsa kutsegula m'mimba, ndipo wa cikuku aperekedwa pa miyezi 9 ndi 18. Tsegulani khadi la mwana wanu lero lomwe ndi kuona ngati pali bokosi limene silinalembedwe.

Mphwanga uja tsopano ayenda, ndipo athamangitsa nkhuku pabwalo. Mlongo wanga asunga mapaketi awiri a ORS m'citini ca pamwamba pa kabati, ndipo mlamu wanga ananena pamaso pa ambuya kuti ngolo ingamangidwe iye kulibe. Inunso kambiranani zimenezi madzulo ano pa nsima. Sabata yamawa tidzakamba za phala la mwana amene wakwanitsa miyezi 6, ndi m'mene nsinjiro, mazira ndi masamba a kudimba zingamtetezere ku matenda otupikana.